Kodi achinyamata a ku China akamati amakonda hip hop amatanthauza chiyani?

Mlendo_wa_Chengdu
Abale anga pagulu pano, ndabwera ndi dandaulo, mwina mundiuza kuti ndakalamba. Ndili ku Chengdu chaka chachiwiri tsopano, ndikuphunzira. Anzanga a m'kalasi atamva kuti ndimakonda hip hop anasangalala kwabasi, akuti nawonso ndi a chamba chomwecho. Ndinati basi, ndapeza abale. Loweruka lapitali ananditengera ku livehouse, timanyumba toimbiramo tija tolowa anthu mazana ochepa, tikiti ma yuan 150 ndinalipira ndekha. Ine ndinapita nditakonzeka kukamva mang'ombe olemera ndi biti yogwedeza chifuwa. Koma abale inu, theka la usiku wonse mnyamata wina amangolira ndi autotune za chibwenzi chake chomwe chinatha, anthu atayatsa matochi a m'mafoni akugwedeza manja ngati tili kumsonkhano wachitsitsimutso. Nditamufunsa mnzanga kuti kodi rap iyamba nthawi yanji, anandiyang'ana ngati ndatukwana apongozi ake.

Chomwe chandisokoneza n'chakuti chakumapeto kunakwera wina, wojintcha, wovala ngati akupita kumsika, n'kuyamba kutokota m'chiyankhulo cha kuno ku Sichuan. Nyumba yonse inagwedezeka. Anthu omwe aja amalira za chibwenzi anali kukuwa mzere uliwonse pamtima. Ndiye ndikufunsa, anthu amenewa amakonda chiyani kwenikweni? Alipo pano amene anakhalako kuno kapena amene amatsata nyimbo zawo?

Kanyenya
Ma yuan 150 kukamva munthu akulira? Ukanabwera kuno aise, ine ndikanakulirira ulere. Changa chinatha mwezi watha.

Gogo_Boombap
Palibe chodabwitsa apa mphwanga. Anthu amene hip hop anaiphunzira pa pulogalamu ya pa kanema ungayembekezere chiyani kwa iwo? Anagona osadziwa kuti MC ndi nyama yanji, kudzuka mu 2017 aliyense wavala kapu chotembenuza. Imeneyo ndi fashoni basi.

Wakale_Beijing
Agogo, pamenepo ndikutsutsani mwaulemu. Ine ndinakhala ku Beijing zaka zinayi pulogalamu ya The Rap of China mukunenayo isanabadwe, ndipo hip hop inalipo, kungoti inali ya m'makona. Akuluakulu omwe ndinkacheza nawo ankasimba za dakou, makaseti ndi ma CD omwe makampani a kunja ankawacheka pang'ono m'mbali n'kuwatumiza ku China ngati zinyalala za pulasitiki m'zaka za m'ma 1990. Anyamata ankawatola n'kumagulitsana mobisa. Nyimbo imodzi kapena ziwiri zinkaonongeka ndi kuchekako, zinazo zimamveka. Ambiri rock ndi rap ya ku America anaimvera mmenemo.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, munthu wina wa ku Detroit, Dana Burton, anayambitsa mpikisano wa Iron Mic ku Shanghai, wolimbana pa maiki maso ndi maso. Mu 2003 gulu la Yin Ts'ang la ku Beijing linatulutsa chimbale, ndipo mwa anyamata anayi a m'gululo mmodzi yekha, MC Webber, ndi amene anali mbadwa ya China. Ku Taiwan kunali MC HotDog, ku Hong Kong kunali LMF akutukwana m'Chikantoni. Nthawi yanga dzina lomwe anyamata ankalitchula motsitsa mawu linali In3, olapa m'kayankhulidwe ka m'makwalala a Beijing, odzudzula aphunzitsi ndi akuluakulu mosapsatira. Mu Ogasiti 2015 unduna wa zachikhalidwe unaletsa nyimbo 120 pa intaneti, ndipo za In3 zinali zambiri ndithu pamndandandawo.

Ndiye zomwe zinachitika mu 2017 si kubadwa kwa mwana. Mwana analipo, anangomuchotsa kuseri kwa nyumba n'kumuveka suti.

Gogo_Boombap
Chabwino, ndavomera kuti analipo. Koma anthu angati? Amene wakumana nawo mphwangayu si a Iron Mic.

Wakale_Beijing
Pamenepo ndiye mwanena zoona. The Rap of China inayamba mu Juni 2017 pa iQiyi, tsamba loonerapo makanema pa intaneti, oweruza anali Kris Wu, Wilber Pan, Chang Chen-yue ndi MC HotDog yemweyo. Funso la Kris Wu lofunsa opikisana ngati ali ndi freestyle linafala dziko lonse, mpaka anthu osadziwa kanthu za rap ankafunsana choncho pocheza. Kuchokera pamenepo okonda chambachi anagawika pawiri: akale omwe amati ife tinalipo chisanatchuke, ndi atsopano omwe analowa kudzera pa foni. Akalewo amawanyoza atsopano mmene mukuchitira inumu, agogo. Mukanakhala Mtchaina mukanapeza anzanu ambiri.

Mtsikana_wa_Changsha
Achimwene a ku Chengdu, ine ndikuona ngati mwafunsa funso ngati kuti munthu amakhala ndi khutu limodzi. Ndimagona chipinda chimodzi ndi atsikana awiri okonda rap, ndipo ndawaonetsetsa. Zomwe amamvera zimatengera ola ndi malo.

Usiku, magetsi atazimitsidwa, aliyense ali pabedi lake ndi timahedifoni, amatsegula NetEase Cloud Music. Pamenepo ndi pa nyimbo zolira mwanenazo, zoimba pang'ono kulapa pang'ono. Ndipo chomwe simunachione n'chakuti sangomvera ayi, amawerenga ndemanga zomwe zili pansi pa nyimboyo. Anthu amalembapo nkhani zawo zenizeni, wina za gaokao, mayeso olowera ku yunivesite, omwe analephera, wina za mtsikana yemwe anakwatiwa ndi wina, wina za bambo ake odwala kumudzi iye ali kutali. Mnzanga mmodzi amatha kubwereza nyimbo imodzi kasanu akungotsika ndi ndemangazo. Zinafika poti mu 2020 anthu anaipatsa pulogalamuyo dzina lachipongwe, anasintha chilembo chimodzi kuti dzinalo lizimveka ngati mtambo wa kukhumudwa.

Masana ndi Douyin, TikTok ya ku China. Pamenepo nyimbo imakhala ndi masekondi ochepa oti ikugwire, ikalephera chala chapita. Ndiye oimba ambiri tsopano amalemba kolasi kaye, kenako n'kumafunafuna mavesi oti aizungulize.

Koma mukawaika pagulu, wina n'kukwera kuyankhula Chichangsha, atsikana ofatsa aja amasanduka ena. Kuno gulu la C-Block ndi ngati timu ya mpira ya mzinda. Kusukulu, pa TV, ku ofesi, konse amayankhula Putonghua, Chitchaina cha boma chija. Chiyankhulo cha kwawo ndi cha agogo, cha kumsika, cha potukwanizana. Kuchimva pa sipika yaikulu chikunyadiridwa, chimenecho ndi chomwe chinagwedeza nyumba yanu ija.

Mlendo_wa_Chengdu
Achemwali, mwandikumbutsa. Mnzanga uja akamayankhula ndi aphunzitsi ndi munthu wina, waulemu, mawu osalala. Usiku umenewo ankakuwa kuti laozi, laozi. Nditafunsa anati kuno munthu akamadzitama sanena kuti ine, amati laozi, ngati kunena kuti bambo wako ine. Anandionetsanso Fat Shady, yemwe amamutchulanso Xie Di, amene mu 2014 anakwera pa TV ya dziko lonse n'kuimba m'Chisichuan kuti mawa sapita kuntchito. Akuti ogwira ntchito m'maofesi anaitenga ngati nyimbo ya fuko lawo.

NdirandeBeats
Ine monga wopanga mabiti ndili ndi kafunso ka ukatswiri. Chiyankhulo chawo chija mawu amasintha tanthauzo ukakweza kapena kutsitsa liwu. Ndiye pa biti zimayenda bwanji? Ifenso tili nazo pang'ono, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timasiyanitsa ndi liwu basi, koma kwa ife ndi mawu ochepa omwe angakusokoneze. Kwa iwo ndi liwu lililonse.

Mtsikana_wa_Changsha
Putonghua ili ndi makwezedwe anayi a liwu, Chikantoni asanu ndi limodzi. Olapa ambiri amangowaphwanya kuti flow iyende, n'chifukwa chake ngakhale Atchaina eni ake amamvera akuwerenga mawu pa foni. Pafupifupi pulogalamu iliyonse ya nyimbo imayendetsa mawuwo pa sikirini. Ndipo pa mang'ombe ndi anthu owerengera zedi. Ali ndi mawu akuti danya ngati wagwirizanitsa liwu limodzi kumapeto kwa mzere, shuangya ngati awiri, kupitirira mpaka atatu, anayi. Pa pulogalamu ya 2017 ija ankalemba pa sikirini kuwerenga mang'ombewo ngati zigoli. Anyamata ena kalasi mwathu amakangana za zimenezi ngati masamu.

NdirandeBeats
Kuwerenga mang'ombe ngati zigoli! Akanabweretsa zimenezo kuno ena akanatuluka ndi ziro kwa ziro. Koma ndamverako Higher Brothers pa YouTube, anyamata a ku Chengdu konko, ndipo ndinene chilungamo, Chisichuan chimakhala bwino pa trap. Chimadumpha, chili ndi timawu tatifupi togwa pa hi-hat penipeni. Sindimva kanthu koma mutu umagwedezeka wokha.

Mlendo_wa_Chengdu
Amenewo kuno ndi mafumu. MaSiWei, DZknow, Psy.P ndi Melo, anatulukira m'gulu la CDC, kenako kampani ya nyimbo ya ku America ya 88rising inawatenga n'kuwatulutsa kunja, chimbale cha Black Cab chinatuluka mu 2017. Koma chodabwitsa n'chakuti YouTube mwamverapo inuyo kuno ndi yotsekedwa, Spotify nayonso kulibe. Amene amatsata za ku America mwachindunji ndi okhawo odziwa kudumpha mpanda ndi VPN. Enawo za kunja amazipeza pa NetEase, pa QQ Music kapena pa Bilibili, tsamba la mavidiyo, pomwe anthu odzipereka amamasulira mawu ake.

Chilungamo265
Mukuzungulira nkhani yeniyeni. Hip hop inabadwira ku Bronx ngati kulira kwa anthu oponderezedwa. Amene sangatchule boma lake pa maiki ndi galu wopanda mano. Zinazi za ma dialect, za autotune, ndi zokongoletsa maliro.

Kanyenya
Achimwene mwayamba. Tinali bwinobwino.

Wakale_Beijing
A Chilungamo, mfundo yanu ili ndi fupa, sindikuikana. Chomwe chinachitika aliyense anachiona. Opambana a The Rap of China mu 2017 anali awiri, GAI ndi PG One. Pasanathe miyezi ingapo, mu Januwale 2018, manyuzipepala a boma anamugwera PG One chifukwa cha nyimbo yake yakale yotchula mankhwala osokoneza bongo ndi yonyoza akazi, nyimbo zake zinachotsedwa pa intaneti. Mwezi womwewo bungwe loyang'anira mawailesi linauza ma TV kuti asamaonetse za hip hop kapena anthu odzilemba ma tattoo, ndipo GAI anachotsedwa mwadzidzidzi pa mpikisano wa Singer wa Hunan TV. Pulogalamu ija itabwerera chaka chomwecho, dzina lake la Chitchaina linali litasintha. Liwu loti xiha, lomwe ndi hip hop, linachoka, kunalowa shuochang, kutanthauza kuyankhula ndi kuimba, liwu lomwe limatchulanso luso lawo lamakolo losimba nkhani moimba. Ngati kunena kuti si zachilendo izi, ndi zathu zomwe.

Kanyenya
Ndiye kuti olapa analapa.

Gogo_Boombap
Iwe Kanyenya, lero lokha wanena chanzeru.

Mtsikana_wa_Changsha
Haha. Koma a Chilungamo, musaganize kuti omvera ndi opusa. Amadziwa mzere womwe wasinthidwa. Nyimbo ikatuluka pa pulogalamu ndi mawu ofewetsedwa, pansi pake wina amalemba kuti pitani mukamve ya poyamba. Woimba akakwera atavala malaya a manja aatali kunja kukutentha, aliyense amadziwa chomwe chabisidwa. Kusaka tanthauzo lobisika kunasanduka mbali ya kukoma kwake, monga mmene makolo athu ankamvera nyimbo za pamtondo, mayi akuimba za nkhuku koma mudzi wonse ukudziwa kuti akunena mkazi mnzake.

Chinanso, si zoona kuti saimba za mavuto. Mu 2020 Bilibili inapanga pulogalamu yake, Rap for Youth, ndipo anzangawa amaikonda kuposa ya iQiyi. Mmenemo munali nyimbo za kuzunzidwa kwa ana kusukulu, za zomwe akazi amakumana nazo pofuna ntchito, za umphawi wa kumudzi. Satchula boma, koma amatchula lendi, amatchula 996, kugwira ntchito kuyambira 9 m'mawa mpaka 9 usiku masiku 6 pa sabata. Kwa mwana wa zaka 22 amene akusaka ntchito, zimenezo ndiye ndale zake.

Chilungamo265
Kudandaula za lendi osatchula mwini nyumba. Ndamva.

Wakale_Beijing
Onjezaninso ichi, chomwe ambiri akunja safuna kumva: achinyamata ambiri kumeneko amalikondadi dziko lawo, osachita kukakamizidwa. Gulu la CD Rev, la ku Chengdu komweko, linatulutsa nyimbo yotamanda China mu 2016 mothandizidwa ndi bungwe la achinyamata la chipani. Okonda rap enieni ambiri amaliseka gululo kuti luso ndi lochepa, koma sakuseka uthengawo. Ndipo GAI ali ndi njira yakeyake, kusakaniza trap ndi ndakatulo zakale, zitoliro, nkhani za jianghu, dziko la ankhondo oyendayenda a m'nthano zawo omwe amasunga pangano ndi ubale kuposa lamulo. Chigawenga cha ku America anachimasulira kukhala munthu wa lupanga wa m'mafilimu a kung fu. Anthu anazikonda zedi. Ine ndikamaona zimenezo ndimakumbuka Tay Grin ndi za Nyau zake. Ena ankati wagulitsa chikhalidwe, ena ankati wachikweza.

Nabanda_wa_Xiaobei
Pepani ndilowerere, ine si wa sukulu, ndine wa geni. Ndimabwera ku Guangzhou kudzaoda katundu, ndipo ndikakhalitsa ndimaluka tsitsi kuti ndipeze ya chakudya. Makasitomala anga ena ndi anyamata a rap amenewa. Amabwera ndi chithunzi pa foni, akufuna zingwe ngati za woimba wakutiwakuti. Tsitsi lawo ndi loterera, kuluka kwake ndi ntchito, maola asanu manja kuwawa. Amalipira bwino, sindinama. Koma tsiku lina ndinafunsa mtsikana wondimasulira kuti malukidwe amenewa amawatchula chiyani. Anachita manyazi kaye, kenako anati zangbian. Tanthauzo lake, zingwe zauve. Ndinangoti chete, manja ali m'mutu mwa mwana wa eni.

Ndipo mu Epulo 2020, nthawi ya Covid, anthu akuda ambiri ku Guangzhou anatulutsidwa m'nyumba za lendi ndi m'mahotela, ena anagona panja. Ine ndinali kumudzi nthawi imeneyo koma anzanga zinawagwera. Ndiye ndikamaona mwana wavala ngati wa ku Atlanta ndimadzifunsa kuti kodi amakonda nyimbo zathu zokha kapena ndi ife tomwe.

Chilungamo265
Mayi, mwanena zomwe ndimalephera kunena.

Mlendo_wa_Chengdu
Amayi a Nabanda, zimenezo nanenso zimandipeza mwanjira ina. Sabata yanga yoyamba anthu atatu osiyana anandifunsa ngati ndimalapa, wachinayi ngati ndimasewera basketball. Ine wa ku Ntcheu, mpira wanga ndi wachikulunga. Koma ndinenenso mbali inayo. Mnzanga wa laozi uja mbiri ya Tupac ndi ya Wu-Tang amaidziwa kuposa ine, ndipo ndi iye amene anandionetsa kuti mu 2020 Bohan Phoenix, wobadwira ku China koma wokulira ku America, anadzudzula olapa anzake poyera kuti akudya za chikhalidwe cha anthu akuda koma ali duu pa nkhani ya George Floyd. Akuti mkangano unali waukulu. Ndiye alipo oganiza, alipo ongovala.

Nabanda_wa_Xiaobei
Alipo, inde. Mmodzi anandibweretsera tiyi ndi zipatso tsiku lotsatira, akuti anapita kukawerenga za mbiri ya malukidwewo. Mwana wabwino. Koma dzina lija sanasinthe.

Kanyenya
Funso lofunika: ku Chengdu ukudya chiyani aise? Ndamva tsabola wake amachititsa dzanzi lilime.

Mlendo_wa_Chengdu
Huajiao ameneyo. Si kuwawa ngati kambuzi ayi, mlomo umangonjenjemera ngati wanyambita batire. Mwezi woyamba ndinkalira, pano hotpot ikadutsa sabata ndimaisowa. Ufa ndimagula wachikasu, nsima yake imatuluka ngati ya nthawi ya njala ija koma imatsika.

Nabanda_wa_Xiaobei
Ufa woyera ku Xiaobei, dera la mu Guangzhou, umapezeka mwana wanga, m'mashopu a anthu a ku Africa. Undiuze ndikadzabweranso ndidzakutumizire, katundu kumeneko amayenda masiku awiri atatu basi.

NdirandeBeats
Mayi, poti mumapita kumeneko, ma audio interface ndi ma condenser mic amapezeka pa mtengo wabwino? Ndikufuna kukonza studio.

Wapampando
Abale, za maoda kambiranani kumbali. Pano tikukamba nyimbo.

Nabanda_wa_Xiaobei
Pepani apampando. Ndibwerere ku nyimbo ndi ichi. Ulendo wanga wapitawu m'misika yonse, m'mashopu a mafoni, ngakhale kwa ogulitsa nsalu achikulire, kumangomveka mnyamata mmodzi, Skai Isyourgod, wa ku Huizhou kufupi ndi Guangzhou. Amalapa mwaulesi, ndi kalankhulidwe kolemera ka ku Guangdong, za kupempha mwayi wa ndalama, kufukiza lubani, mabwana a mafakitale ndi matebulo awo omwerapo tiyi. Amene amandigulitsa zikwama, bambo wa zaka za m'ma 50, amaiimba akuwerenga ndalama. Ndiye musamati ndi za ana okha.

NdirandeBeats
Ameneyo ndamumva pa TikTok! Biti yake ndi ya Memphis yeniyeni, belu la ng'ombe lija ndi 808 yakuda, koma pamwamba waikapo zisudzo zoimba za Chikantoni zakalekale. Ngati wina atatenga biti ya Three 6 Mafia n'kuikapo mangolongondo. Agogo Boombap, mverani kaye musanaweruze.

Gogo_Boombap
Ndamvera. Sampling yake ndi yanzeru, ndivomere. Kulapako ndiye ngati munthu wangodzuka kumene.

Wakale_Beijing
Pali mbali ina yomwe sitinaikhudze, ya kusankhana pakati pa iwo okha. Kuli chamba china chotchedwa hanmai, kukuwa pa maiki, chochokera kumpoto chakum'mawa. Munthu amakuwa mizere yogwirizana pamwamba pa biti ya disko, pa pulogalamu ya mavidiyo ya pa foni ya Kuaishou, ndipo omvera ake ambiri ndi a m'matauni ang'onoang'ono, ogwira ntchito m'mafakitale, oyendetsa malole. Wotchuka wake, MC Tianyou, anali ndi omutsatira mamiliyoni ambirimbiri asanaletsedwe mu Febuluwale 2018. Ukafuna kukwiyitsa wokonda hip hop wa ku yunivesite, muuze kuti rap ndi hanmai n'chimodzimodzi. Akhoza kukutaya pawindo. Kwa iye hanmai ndi zachimidzi. Ndiye kukonda hip hop kumeneko kulinso ndi kafungo kodzionetsa kuti ndine wa m'tauni, ndinaphunzira, nsapato zanga ndi zenizeni.

Chosangalatsa n'chakuti mu 2019 nyimbo yomwe inagwira dziko lonse inali ya Gem, wa kumpoto chakum'mawa komweko, Wild Wolf Disco, yokumbutsa madisko otchipa a kwawo a zaka za m'ma 1990. Inakhala pakatikati, a hanmai anaivina, a yunivesite anaivina, aliyense akuganiza kuti ndi yake.

Mtsikana_wa_Changsha
Ndipo onjezani kuti theka la anthu m'ma livehouse ndimapitako ine ndi atsikana. Anyamata ena amawanyoza kuti amangotsata nkhope, kuti anabweretsa khalidwe la okonda ma idol, kugula matikiti onse, kumenyana pa tsamba la mchezo la Weibo poteteza wawo. Zina n'zoona. Koma ndalama zomwe zikuyendetsa makonsati amenewa zikuchokera m'zikwama zawo, ndipo ndi omwewo anakweza olapa achikazi, VaVa mu 2017 ndi Lexie Liu mu 2018. Nkhani ya Kris Wu itaphulika, mpaka khoti la ku Beijing kumugamula zaka 13 mu Novembala 2022 pa mlandu wogwiririra, anzanga awiriwa anakhala usiku wonse akukangana za oimba ena omwe mawu awo amanyoza akazi. Mmodzi anafufuta nyimbo zambiri pa foni yake usiku womwewo. Winayo anati iye amamvera biti basi.

Chilungamo265
Nanga a mitundu ing'onoing'ono? Kapena ndi za Ahan okhaokha, mtundu waukulu wa ku China?

Wakale_Beijing
Wopambana wa The Rap of China mu 2018 anali Air, Muuyghur wa ku Xinjiang, ndipo wachiwiri wake, Nawukere, nayenso ndi wa komweko. Omvera amawalemekeza kwambiri pa flow, amatha kusintha ziyankhulo pakati pa vesi. Zomwe sangaimbe inu ndi ine tikuzidziwa.

Mlendo_wa_Chengdu
Poti mwatchula zimenezo, ndikusimbireni ya kuno yomwe inandiseketsa nditangofika. Mu 2024 mnyamata wina wa mtundu wa Yi wochokera kumapiri a Liangshan, Nuomi, anagwetsedwa pa mpikisano ndi woweruza, Xie Di yemwe uja wosapita kuntchito. Pokwiya anajambula vidiyo ya diss, nyimbo yomunyoza Xie Di, atakhala pa kachitsulo kochitira masewero olimbitsa thupi, tija amaika pabwalo la nyumba zogonamo kuti agogo azitambasula miyendo, m'dera la Yulin. Mawu oti ndikufuna kukuchita diss, m'kamwa mwake ankamveka ngati akuti Disney. Basi. Achinyamata anayamba kukhamukira pamalopo, kuima pamzere kuti akhale pa kachitsuloko n'kukuwa mzere umenewo, malowo n'kuwatcha Chengdu Disney. Agogo okhala pamenepo anadandaula phokoso mpaka akuluakulu a dera anachita kuika anthu oyang'anira mzere. Anzanga amati poyamba ankamuseka mnyamatayo, kenako atapita kukamva nyimbo zake zina, za kwawo ndi za agogo ake omwe anamwalira, ena analira.

Kanyenya
Ndiye abwereranso kolira kuja. Anthu amenewa misozi ili pafupi.

Gogo_Boombap
Kuseka munthu kaye kenako n'kumukonda, zimenezo ndiye ndazizindikira. Ifenso timatero. Koma mphwanga, funso langa likadali pomwepo: pakati pa anzako onsewo, alipo amene angakhale pansi kumvera chimbale chonse kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, osagwira foni?

Mlendo_wa_Chengdu
Mmodzi, agogo. Wa laozi yemwe uja. Ali ndi timakaseti ta dakou tiwiri tomwe anapatsidwa ndi amalume ake, tochekedwa pakona, alibe n'choimbira chomwe, amangotisunga pashelefu pafupi ndi mabuku. Dzulo ndinamuuza za mkangano wathu uno, ndipo wati Lachisanu anditengera kwina, kuchipinda chapansi komwe anyamata amapanga cypher, kulapa mosinthana pa biti imodzi, kulowa ulere bola ugule chakumwa. Koma waika lamulo, akuti nanenso ndikagwire maiki ndilape m'chiyankhulo cha kwathu, Chingelezi ayi.

NdirandeBeats
Ndikutumizira biti usikuuno. 90 BPM, kuti usapunthwe.

Kanyenya
Ukayambe ndi "bambo wako ine". Akakumva.

Mlendo_wa_Chengdu
Mavesi ndilibe abale. Amene ali ndi mang'ombe ogwirizana ndi Ntcheu anditumizire lisanafike Lachinayi.